Amayi Awachotsa pa Thandizo Chifukwa cha Malata

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno kumudzi kwa Zulu tilipo, koma amayi sali bwino, miyendo yatupanso.

Mwezi watha kunabwera anthu odzaonanso mabanja amene amalandira thandizo la ovutika lija. Atafika pakhomo pathu, bambo wina anangoyang'ana denga n'kunena kuti, "Agogo, nyumba yamalata chonchi, inu si ovutika ayi." Amayi anamuyankha kuti, "Mwananga, malatawo ndidya? Anagula ndi mwana wanga ntchito isanamuthere." Bamboyo sanalowe n'komwe m'nyumba kuti aone mmene tikugonera ndi njala. Basi, amayi anawachotsa.

Mukudziwa kuti kathandizo kaja n'kamene ankakwerera galimoto kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi ku Boma. Pano mankhwala anatha. Sabata yatha anachita chizungulire n'kugwa kudimba, mwayi anawaona ndi anansi athu. Ndinapita kukadandaula ku ofesi yoona za thandizolo, anati ndibwere mawa. Nditapitanso, anati abwana ali ku msonkhano ku Lilongwe. Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo njira yonse.

Amayi anandiletsa kukuuzani, akuti mungamadziimbe mlandu. Ine ndalephera kubisa. Chonde, ngakhale zinthu zili zothina, tumizani kangachepe ndipite nawo kuchipatala. Muwaimbirenso foni, koma za malata musatchule.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati