Tiana ta nchima ta kwa Vitalis

Lolemba, 8 Ogasiti 1983

Ndabwerako ku Luembe kwa mlongo wanga Vitalis. Kuseri kwa nkhokwe yake kuli kakhola, muli tiana ta nchima tinayi. Akuti woyendetsa lole wina amatigula pamsewu, n'kupita nato ku Lusaka. Vitalis amayamba wawombera make, poti kamwana sikachoka pamimba pa make wamoyo. Kamodzi kanandigwira chala osafuna kusiya. Ine mkazi wa wagemu, wolondera nyama zakuthengo, ndangosoka pakamwa.

Lachitatu, 10

Amuna anga, atate a Rhoda, akuti nchima zatsala zowerengeka, lamulo lalimba. "Pa Cisanu tikaseca ku Luembe. Wopezeka nazo ni jele." Ndiwo zinandipserera.

Lachinayi, 11

Ndanama kuti ndikukatenga mbewu ya mtedza, n'kukwera lole ya thonje. Ndamuuza V. akatimasule kuthengo msanga. Iye: "Osadandaula mlongo, nizakonza."

Lachisanu, 12

Agemu sanapeze kanthu. Ndayimba tsiku lonse, ati ndapulumutsa mlongo ndi nchima zomwe. Nzeru zanga!

Lamulungu, 14

Mlamu Consolata, mkazi wa V., wabwera kuno ku Nyimba kuchigayo cham'mawa. Wandikokera kukhitchini. Akuti V. anatimasuladi, koma tinazolowera phala. Dzuwa lisanalowe tonse tinali titabwerera, tikulira padenga mudzi wonse ukumva. Lachisanu m'mawa V. anatiika m'saka pamodzi ndi mwala, ulendo kumtsinje wa Luangwa.

"Sembe simunabwele, mlamu, agemu sembe anatitenga tamoyo."

Sanalankhule mokwiya, koma zandipweteka. Ndinaganiza za jele yokha. Zoti kanyama koleredwa pakhomo sikadziwanso thengo, sindinaziganize n'komwe.

Lachiwiri, 16

Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 17

Masana atate a Rhoda abwera ndi mabotolo awiri oyamwitsira ana, akuti ndipatse aliyense wowafuna. Anagula okha sabata yatha, nakhoma khola kukampu kuti akalere tianato mpaka tikule. Mkulu wawo akuti pakati pa agemu pali wina wapakamwa, ndipo akuwayang'ana iwo chifukwa anakwatira ku Luembe. Ntchito ili pangozi.

Akuvula jombo anati, "Amake Rhoda, imwe ndimwe a kwamene kuja. Munifufuzileko amene anawacenjeza."

Ndinati osavutika kufufuza, ndine.

Jombo imodzi inali itavulidwa kale. Anaivalanso, namanga zingwe pang'onopang'ono, n'kutuluka osandiyang'ana. Alowera njira ya kukampu.