Suti yanga yakwera tramu

Loweruka, West Bromwich. Tsiku londinyansa.

Mdzukulu wanga Dalitso wabwereka suti ija ndinkaimba nayo m'maholo a ku Limbe ndili mnyamata. Ati ku Oldbury kuli phwando lovala zachikale. Ndinaisita ndekha, mzere wa buluku wakuthwa ngati lumo. Ndinamuuza kuti woimba sakhala pansi asanakwere pasiteji, ife tinkaimirira m'basi ulendo wonse mipando ilipo.

Iye amvekere, "Agogo, it's just a costume."

Madzulo ano wanditumizira chithunzi ali kuphwandoko. Wadzikhalira m'tramu, kasitima ka m'tauni, atatang'adza miyendo, buluku latupa m'maondo ngati thumba la mbatata, kumapazi nsapato zothamangira. Anzake ati watchena. Kutchena akukudziwa amenewa?

Ndawauza kale mayi ake: akaibweza, idzatulukanso m'kabati tsiku la maliro anga basi. Ndipo wodzaisita asadzakhale iyeyo.