Malata Ako Ali Kuseri kwa Nkhokwe

Wokondedwa mwana wanga Fidelis,

Ndikhulupirira uli bwino ku Solwezi kumeneko, pamodzi ndi mpongozi wanga Mavis ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chifuwa chija sichinandisiye.

Malata unatumiza aja anafika onse osapindika. Ndinawasisita ngati khanda mpaka woyendetsa lole anandiseka. Zikomo, mwana wanga. Koma usandifunse ngati akhomedwa, chifukwa nkhani yake ndi imene ndikukulemberayi.

Iwe malo ano unawadziwa ali kale nkhalango. Ife tinawapeza ali mbee, owotcha makala atameta mitengo yonse. Ba Sanford atabwera ndi maloto awo omanga hotela ndi famu m'tchire muno, anthu a kuno kwa mfumu Nkomeshya ankati mutu wawo sukugwira. Amene anawakhulupirira ndi atate ako okha. Misuku ndi mikuyu imene alendo amajambula lero anaibzala ndi iwowo, ine ndikusenza madzi, iwe uli kumbuyo.

Malamulo a ba Sanford mpaka lero sanasinthe. Feteleza ayi, mankhwala ayi, nkhwangwa ayi. Ndipo sindinama, nthaka inadzuka. Kamtsinje kaja kanayambanso kuyenda, alendo amadya repu, uchi ndi mazira za pompano, magetsi ndi a dzuwa. Ndikamaona zimenezi ndimanyada, chifukwa thukuta lathu lili momwemo.

Asanamwalire, ba Sanford anatilonjeza kuti nyumba ino ndi yathu mpaka imfa. Mwana wawo Wendy, amene akuyendetsa hotela tsopano, lonjezolo amalisunga. Koma nyumbayi anaiika pa zinthu zoonetsa alendo. Akatha kuona ng'ombe ndi ming'oma ya njuchi, amabwera kudzaona ine. Ndimabisa foni ndi ndowa za pulasitiki, ndimavula nsapato, n'kuyamba kusinja chimanga mumtondo, chigayo chikulira apo pamsewu. Amandiombera m'manja. Amako ndiwo amabwera pambuyo pa njuchi, mwana wanga, ndipo zimandiwawa.

Kuchipatala ku Chongwe anandiuza kuti fumbi la denga laudzu ndi chinyezi ndi zimene zikundidya chifuwa. Ndiye malata atafika ndinapita kwa Wendy. Anandigwadira, n'kundigwira manja onse awiri. Anati ine ndine amake otsala. Anati alendo amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona denga limeneli, ndipo malata angaononge zonse zimene atate ake ndi atate ako anavutikira. Analonjeza kutumiza anthu adzafolere udzu watsopano, misozi ili mbwembwembwe. Akanandikalipira ndikanadziwa chomuyankha. Ndinangoti chabwino, n'kubwerako ndi botolo la uchi woti ndizimwera chifuwa.

Amalume ako Alick andipatsa kamalo ku Bundabunda, akuti ndikamange mmene ndifunira. Koma iwe ukudziwa kuti atate ako anagona pansi pa mkuyu wawo woyamba, mkati mwa mpanda wa famu. Ndikachoka, adzasesapo ndani? Ndikakhala, chifuwachi chindigoneka pambali pawo nthawi isanakwane. Ndakhala ndikuzungulira pamenepa ngati mbuzi ya pachingwe.

Lachiwiri lapitali kunagwa mvula yoyamba. Ndinakoka lata limodzi, n'kuliyedzamitsa pankhokwe, ndipo ndinakhala pakhonde kumvetsera mmene likulirira. Fidelis, ndinalira nalo. Chibadwire sindinamvepo phokoso limenelo pamwamba pa mutu wanga m'nyumba yangayanga. Mvula isanakate ndinamva galimoto ya alendo ikubwera, ndipo ndinalibweza msangamsanga ngati ndaba.

Pamenepo m'pamene mtima wanga unasankha Bundabunda. Koma pakamwa panga pamalemera ndikaona nkhope ya Wendy, poti ndinamubereka kumbuyo kuno mmene ndinakuberekera iwe. Ndikapitanso ndekha, ndibwerako ndi uchi wina.

Chonde bwera ukapeza tchuthi, mvula isanakhazikike. Ukalankhule naye ndiwe, mofatsa, osati ndi mkwiyo wako uja, chifukwa si munthu woipa. Umuthokoze, ndipo umupemphe chimodzi chokha, kuti ndikamabwera ndi tsache langa kwa atate ako, pageti azinditsegulira. Nyumbayi atenge, alendo aziijambula ilibe munthu wotsokomola.

Undiperekere moni kwa Mavis, ndi kwa Lushomo ndi Trinity, uwauze kuti agogo awasungira masuku. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe akuteteze kumgodi kumeneko.

Ukafika usadabwe kuti malata sukuwaona. Ali kuseri kwa nkhokwe. Ndinawafolera ndi udzu kuti alendo asawaone.

Ndine amako,
Clotilda