Matumba Awiri a Dripi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Kuno tilipo, ngakhale sabata yatha tinaona zakuda.

Mwana wanu, wachisamba wanga uja, anatsekula m'mimba Lachiwiri. Pofika masana anali atalefukiratu, maso atalowa m'kati, kumwa madzi osatha. Ndinasiya makina osokera pakhonde n'kuthamangira naye kuchipatala.

Pakamwa panga mumapadziwa. Namwino atakoleka thumba la dripi, ndinafunsa ngati linali la shuga, lopatsa mphamvu lija. Anati ayi. Pomwepo ndinakumbukira malemu abambo, ndipo ndinayamba kulalata.

Iye sanakwiye. Anatsina khungu la pamimba pa mwana n'kundionetsa momwe linkachedwera kubwerera. Dripi ikuyenda, anandibweretsera matumba awiri ofanana ngati mapasa. Anati wotsekula sataya madzi okha, amatayanso mchere wa m'thupi. M'thumba la shuga mulibe mchere, ndipo madzi ake sakhalitsa m'mitsempha. Linalo, lomwe amalitchula kuti Ringa, ndilo limabwezera zotayikazo.

Ndinafunsanso chifukwa chake anayamba wamuika mwana pasikelo. Akuti kuchuluka kwa madzi kumatengera kulemera kwa wodwala. Ndinafunsa ndithu mpaka anaseka, akuti ndikufuna kumulanda ntchito. Dzuwa lisanalowe mwana anali akumwa yekha, n'kumafunsa kumene kwapita nsapato zake.

Koma achemwali, mtima ukundiwawa. Zaka zisanu ndi ziwiri takhala tikunena kuti namwino wamtali wa kwathuko anapha abambo powamana dripi ya shuga atatsekula m'mimba. Chikhalirecho anasankha bwino. Ife ndi amene tinawasunga kunyumba masiku awiri. Paja safunsa anadya phula.

Chifukwa cha mkwiyo womwewo amayi analumbira kuti pachipatala paja sadzapondaponso. Tsono mvula yayamba, ndipo ndikumva kuti matenda otsekula afikanso kumeneko. Ndikuopa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalatayi pang'onopang'ono, mpaka avomere kuti akadzangotsekula mudzapita nawo tsiku lomwelo.

Moni kwa amalume, azakhali ndi ana onse. Ndipo ngati namwino wamtali uja akadalipo, mukamupatsenso moni. Mukamuuze kuti mtsikana amene anamugenda ndi nsapato pakhomo la wodi uja wapepesa.

Ndine mng'ono wanu wolongolola uja.