Kalimidwe ka Thonje, Masamba 84

Lolemba, 5 Meyi

Buku latha! Masamba 84. Ndalisindikiza pa makina a kuntchito pamene abwana anga, amayi Irene, anapita kukadya. Pachikuto ndalemba KALIMIDWE KA THONJE, chifukwa m'Chipata muno palibe munthu angatsegule buku la thonje mwa kufuna kwake. Nkhani ya atsikana awiri okondana si yoisiya poyera kuno, ungaone zakuda.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuwerenga pa foni mabuku achikondi a achinyamata, a Chingerezi, aja amene mtsikana amakonda mtsikana mnzake. Onse amandipsetsa mtima. Wosimba nkhani amangomeza mawu. Mnzake akamufunsa kuti uli bwanji, iye ati ndili bwino, kenako masamba 200 akulira m'bafa. Zitsiru. Langa si lotero. Vailet wanga ndi wanzeru, woganiza mozama, wokongola mosadzionetsera, ngati ine ndithu. Amakonda Edita. Edita ndi mphunzitsi, ali ndi mpata kumano, amaseka mpaka kutsokomola.

Inde, Edita ndi Dailes, mnzanga wapamtima. Ndanena muno mokha.

Dailes amutumiza kukaphunzitsa ku Chiparamba, anyamuka Lamulungu. Akapita osadziwa za mumtima mwanga, basi, zathera pomwepo. Ndiye pulani nayi: ndimupatsa buku, aliwerenga, azindikira yekha, ine osatsegula pakamwa. Mutu uwu umagwira ntchito.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndamupatsa. Ndinapita kwawo ndi buku m'chikwama ndi kajumbo ka mtedza wokazinga monga mwa masiku onse. Ndati amayi atumiza kuchokera ku Kasenengwa. Zoona zake n'zakuti ndimagula pa msika wa Kapata, n'kukazinga ndekha, ndipo lero ndapsa chala. Ndinayamba kalekale, nditamva kuti amake a Dailes amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Kitwe ndipo sanagwirepo khasu chibadwire. Mwana wopanda kumudzi, amutumizire ndani?

Wayang'ana chikuto, wati, "Keti, wayamba ulimi?"

Ndati, "Werenga chabe. Undiuze chilungamo."

"Chilungamo chenicheni?"

Ndati eee. Ndiye wasolola bolopeni yofiira m'tsitsi mwake. Ndinaiwala kuti munthuyu ndi mphunzitsi watsopano, manja akumuyabwa, angachonge ngakhale lisiti ya magetsi. Ndikanathawa nalo pomwepo.

Lachitatu, 7 Meyi

Zii. Ndayang'ana foni ka 31. Mwina akulira. Mutu 6 ndi wokhudza kwambiri.

Lachinayi, 8 Meyi

4/10.

FOLO. Pachikuto penipeni, pansi pa mawu akuti thonje, atazunguliza ndi mzere. Walisiya kushopu kumene ndimagwira ntchito ine nditatumidwa kukagula mapepala. Nditatsegula ndinayesa kuti wina waphera nkhuku m'katimo.

Tsamba 3: "Vailet ndi wodzimva. Anamuuza ndani kuti ndi wokongola mosadzionetsera? Wanena yekha katatu."

Tsamba 11: "Edita walemba meseji ya mizere naini, iye wayankha kuti ok. N'chifukwa chiyani?"

Tsamba 19: "Wakwiya chifukwa Edita sanalote zimene iye akuganiza. Edita ndi mphunzitsi, si sing'anga."

Tsamba 27: "Mtedzanso! Amake amalima mahekitala angati?"

Tsamba 40: "Mtsikana ameneyu ndikanamugenda ndi dasitala."

Ndalekezera pomwepo, sindingapitirize kudzizunza. Sanamve kanthu. Miyezi isanu ndi itatu ndikutsanula mtima wanga, iye akuwerenga ngati chimangirizo cha mwana wa Giredi 7. Wandikonzeranso makoma ndi mafulusitopu. Ndipo Vailet SI wodzimva, amangodziwa zoona za iye mwini, kodi ndi mlandu?

Madzulo wanditumizira meseji yaitali, pakati ponse ndalumpha. Kumapeto kunali kwakuti, "Wawerenga zonse mpaka tsamba lomaliza?"

Ndayankha kuti ok. Amve mmene zimawawira.

Lachisanu, 9 Meyi

Tsiku la minyama. M'mawa kwabwera abambo ena achikulire a ku Mtenguleni kudzakopetsa chitupa. Aona buku langa pa kauntala, maso mwee, ati, "Limeneli ndiye ndimalifuna! Thonje langa chaka chino lagwidwa ndi mbozi." Dzanja linali litafika kale pachikuto. Ndalitsomphola, ndalikhalira. Ndati ndi la thonje la ku mayiko akunja, kuno silimera. Achoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amabisa chitukuko. Ndakhala pa bukulo mpaka 11 koloko.

Amayi Irene andiyang'ana nthawi yaitali, ati, "Ketilina, wadwala?" Ndati ndili bwino. Kenako ndinakalira pang'ono kuchimbudzi. Koma si zofanana ndi za m'mabuku aja, iwo amalira m'bafa, komanso ine zinali mphindi teni zokha.

Cha m'ma 3 ndaona Dailes akuwoloka msewu kubwera kushopu. Ndalowa pansi pa kauntala, pakati pa makatoni a inki. Ndanong'oneza amayi Irene kuti anene kuti kulibe.

Iwo mokweza ati, "Ketilina akuti kulibe."

Dailes wati, "Chabwino amayi. Mumuuze kuti mapazi ake akuoneka."

Wapita. Amayi Irene angoti ndikatuluka ndisese pansipo poti ndafikako kale.

Loweruka, 10 Meyi

Ndalemba masamba atatu oikira kumbuyo Vailet. Mfundo yoyamba: munthu wokonda zenizeni safunika kuuzidwa. Mfundo yachiwiri: ok ndi yankho lokwanira. Nditafika pa mfundo yachitatu ndawerenganso zonse, ndipo ine ndemwe ndafuna kumugenda ndi dasitala. Ndang'amba.

Masana ndamuona Dailes ku Kapata akugula ndowa ndi mbaula. Yekhayekha, ndowa pamutu, mbaula m'manja, akuvutika kupatukira njinga. Masiku onse wonyamula mbaula ndikanakhala ine, tikukangana za mtengo wake. Ndabisala kuseri kwa mulu wa makabichi mpaka wadutsa. Mayi wa makabichi wati ngati sindigula ndisawathamangitsire makasitomala ndi nkhope yamaliro.

Ndinene zoona, muno mulibe wondichonga. Ndikuopa. Buku lili ndi khomo lothawira: akadabwa, ndingoti ndi nthano chabe, tiseke. Pakamwa palibe khomo lotero. Ndikanena, iye n'kubwerera m'mbuyo, ndataya mnzanga yekhayo amene amandipirira, ndipo mawu akatuluka m'tauni muno sabwerera. Koma mawa akwera galimoto akuganiza kuti ndamukwiyira chifukwa cha mamakisi. Chiparamba si kutali, ndikudziwa, anthu amapita ndi kubwera tsiku lomwelo. Koma munthu amene wamuyankha kuti ok umamuyendera ndi nkhope yanji?

Ndamusowa kale, asanapite n'komwe.

Lamulungu, 11 Meyi, m'mawa

Sindinapite kutchalitchi, ndati mutu. Cha m'ma 9 wina wagogoda. Dailes, atavala diresi yake yobiriwira yapaulendo. Sanalowe. Wangonditambasulira kajumbo.

Mtedza. Wakuda bii, wopserera, wina wosapsa n'komwe, mchere ngati wathira ndi fosholo. Pa chala chake pali pulasitala.

Wati, "Amayi atumiza."

Ndati, "Amako a ku Kitwe?"

"Eee. Akolola bwino chaka chino." Nkhope ili gwaa, osaseka. Kenako wati, "Tsamba 84 wawerenga?"

Ndati ndinali bize.

Wapumira m'mwamba, wati galimoto inyamuka ikadzaza, ndipo wapita. Ine ndaima pakhomo ndi mtedza wanga ngati chitsa. Ndaganiza kuti akundinyoza. Ndakwiya kwa mphindi zisanu zathunthu, ndikutafuna makala amenewo, ndisanaganize zotsegula buku.

Tsamba 84, pansi pa mawu anga akuti MATHERO, zofiira:

"Mathero awa ndi abodza, palibe chatha. Edita akudziwa kuyambira chaka chatha. Anakumana ndi amake a Vailet pa ukwati ku Kasenengwa, n'kuwathokoza chifukwa cha mtedza, iwo n'kunena kuti mtedza uti, ife timalima chimanga chokha. Edita wakhala akudyabe mtedzawo mosangalala, akudikira. Nayenso amaopa, si Vailet yekha ali ndi mtima. Koma sangayankhe funso limene sanafunsidwe. Wolemba akonze."

Mayo ine. CHAKA CHATHA.

Ndikusaka nsapato inayo.

Lamulungu lomwelo, madzulo

Ndinakwera njinga yamoto, ine amene ndinalumbira kuti sindidzakweranso. Ndinamuuza mnyamatayo kuti athamange ngati tikuperekeza wodwala. Ndafika pa siteji tsitsi lili ngati chisa, nsapato zosiyana mitundu.

Galimoto inali isanadzaze, Mulungu adalitse anthu ochedwa. Dailes anakhala pa ndowa yake pansi pa mtengo, mbaula pambali. Wandiona, osadzuka. Anthu ponseponse, wogulitsa nzimbe ali pafupi, makutu ali tcheru. Ndanjuta pafupi naye ngati ndikumanga chingwe cha katundu.

Ndati, "Mtedza wonse uja ndinkakazinga ndine."

Wati, "Ndikudziwa. Pitiriza."

Ndati, "Vailet ndine."

"Keti, ngakhale mbuzi ikanadziwa. Pitiriza."

Ndiye ndapitiriza. Ndi pakamwa panga, motsitsa. Zimene ndanena sindilemba muno, zinatuluka zokhotakhota ndipo pakati pake ndinatchula makabichi, sindikudziwa chifukwa chake. Dailes waseka mpaka kutsokomola, kenako wapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, wati, "Inenso." Liwu limodzi lokha, atandidikiritsa masamba 84. Koma sindidandaula.

Kondakitala wayamba kukuwa. Dailes wasolola bolopeni ija m'tsitsi, wagwira dzanja langa, walemba pachikhatho: 7/10. Ndati zitatu zinazo zapita kuti? Wati ndikazitenge ku Chiparamba Loweruka, ndipo ndibwere ndi mtedza, wake uja sudyeka.

Ndanyamula mbaula mpaka pa galimoto. Pano ndikudya ndi dzanja lamanzere, lamanjali sindisamba.