Nyumba ya zipinda zitatu ku Madinat Zayed

Al Nahda, Dubai
16 Epulo 2009

Achimwene anga a Maxon,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga ndi ana onse ku Mponela. Mwendo wa amayi uja uli bwanji? Ndamva kuti chimanga chacha bwino chaka chino, ndipo ndathokoza. Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la masiku ano likundipweteketsa mutu.

Kalatayi ndapatsira Selinah, nesi mnzanga, amene akubwera kumudzi ku tchuthi cha masabata awiri. Muiwerenge muli nokha, ndipo mufike nayo kumapeto musanagwire foni.

Zimene mukumva pa wailesi n'zoona. Dubai uja wagwa chagada. Nyumba zazitali zimene ankamanga mosapumira zaimira pakati, zitsulo zili pamtunda, palibe wokwerapo. M'nyumba yathu yosanjikizana ino mabanja akuchoka sabata iliyonse. Pakhomo lolowera pamakhala mapepala atsopano tsiku ndi tsiku: wina akugulitsa bedi, wina firiji, wina akufuna womutengera mphaka.

Alamu anu a Ellard, bambo a Rejoice, ntchito inawathera mu Januwale. Kampani yawo inaitana mainjiniya onse m'chipinda chimodzi n'kuwalanda makiyi a galimoto. Viza yawo anaifafaniza pa 3 mwezi uno, ndipo lamulo la kuno limapatsa munthu masiku makumi atatu kuti apeze pogwira kapena atuluke m'dziko. Yanganso inali yomangirira pa yawo, monga mukudziwa. Tonse tikanakhala panjira pano chipatala china cha boma chikanapanda kundiitana.

Chipatalacho chili ku Madinat Zayed, kamzinda ka m'chipululu kumadzulo kwa Abu Dhabi. Andipatsa viza ya dzina langa ndi nyumba ya banja. Mwezi watha tinapita kukaonako, ine ndi a Ellard. Tinakwera mabasi awiri, ulendo wa maola asanu. Ukangosiya msewu wa kunyanja n'kukhotera kumanzere, mitengo imatha. Kumangotsala mchenga wofiira mbali zonse, ndi waya wotchingira ngamira kuti zisalowe mumsewu. Mzinda wake uli ngati Kasungu atachotsamo anthu oyenda pansi. Msewu waukulu umodzi, mizikiti, masitolo a amwenye, msika wa nkhosa, basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira zopita kapena kusapita, ndipo zoipa za kumeneko sindikubisirani. Akuti mu Juni madzi a pampopi amawotcha manja. Mphepo ya mchenga ikayamba imalowa mpaka m'chitini cha shuga. Tchalitchi kulibe, kuti upemphere ndi anzako uyenera kuyenda maola awiri. Mmalawi kulibe ndi mmodzi yemwe. Odwala ambiri ndi agogo a kuchipululu amene sadziwa Chingerezi, pamene ine Chiarabu changa chimathera pa yalla ndi shukran. Nesi wina wa ku Philippines amene wakhalako zaka zisanu ndi chimodzi anandiuza kuti chaka choyamba ankalira tsiku lililonse, chachiwiri anangosiya kuyang'ana pazenera. Ndipo ndinadzifunsa kuti nditadwala kumeneko, adzandisambitsa ndani.

Zabwino nazo zilipo. Ntchito ya boma sidalira kuti nyumba zazitali zikumangidwa kapena ayi. Kuchokera pakhomo kufika kuchipatala ndi mphindi zisanu wapansi, pamene kuno ndimatha maola awiri mumsewu, galimoto zitathinana kuyambira kumalire a Sharjah. Pali kasukulu kumene ana a manesi amaphunzira m'Chingerezi. Nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, ya mpanda, kuseri kuli mtengo wa kanjedza. Koma chimene chinandikoka mtima kwambiri n'chakuti kumeneko palibe amene amandidziwa. Palibe amene anandionapo nditakhala ndekha pabenchi m'tchalitchi, azimayi akunong'onezana kumbuyo kwanga.

A Ellard anaikonda nyumbayo kuposa ine. Anayenda chipinda ndi chipinda akuyeza ndi mapazi, ngati ali kuntchito. Anasankha chipinda choyang'ana kum'mawa kuti chikhale cha Rejoice. Kuseri anafukula mchenga ndi nsapato n'kunena kuti akathiramo manyowa a nkhosa, mpiru ndi tomato zikhoza kumera ndi madzi otsukira mbale. Pobwerera m'basi anandigwira dzanja, anthu akuona, n'kunena kuti mwina Mulungu wagwetsa Dubai yense kuti ife awiri tiyambirenso. Ine ndinayankha kuti inshallah, Mulungu akalola. Akhala kuno zaka zambiri ndipo akudziwa zimene mawu amenewo amatanthauza akatuluka m'kamwa mwa munthu wa mu ofesi, kuti ndi kukana mwaulemu, koma tsiku limenelo sanamve.

Mutawaona lero simungawazindikire. Amadzuka m'mamawa kundisitira yunifolomu. Ndikamaweruka ndimapeza atasesa, ataphika mpunga, madzi ozizira ali patebulo. Amandiitana kuti mayi, chikhalirecho sanandiitanepo choncho m'zaka zisanu ndi zitatu. Anzawo aja ankadzaza pabalaza Lachisanu lililonse kuonera mpira sakuyankhanso mafoni awo.

Tsopano ndikukumbutseni za Julaye 2007, chifukwa inu ndinu ankhoswe anga ndipo nkhani imeneyi inadutsa m'makutu mwanu.

Ndinadziwa za Prisca, mtsikana wa ku Zambia wogwira ntchito m'ndege, amene a Ellard ankamuchitira lendi ku Al Garhoud. Nditawafunsa, sanakane. Anatenga pasipoti yanga, n'kutsegula tsamba la viza, n'kundiloza pamene panali dzina lawo. Anati akangosayina kamodzi, sabata yamawa ndikhala ndikugulitsa tomato pa Mponela, ndipo ndiphunzire kuyankhula ndi munthu amene anandikweza ndege.

Patatha masabata awiri ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza m'nyumba muli zii. Rejoice anali atamukweza ndege ndi achemwali awo, amene anabwera kudzacheza, kuti akakhale ndi agogo ake ku Nathenje. Anati mwana amandichititsa mwano, ndipo ndikadzaphunzira ulemu adzaganiza zomubweza. Mwana wa zaka zitatu, osandilola n'kumuveka komwe. Tinsapato take tinatsala pakhomo pamene anativula dzulo lake.

Ndinakuimbirani foni. Munandiuza kuti ndipirire, kuti mwamuna wophunzira chonchi sapezekapezeka, kuti ndisachititse manyazi mtundu. Mwezi womwewo malata a nyumba yanu anafika pa lole kuchokera ku Lilongwe, ndipo munawaimbira alamu anu kuwathokoza ine ndili pomwepo, ndikumva. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungofuna mudziwe kuti ndinaona. Ndipo ndinapirira monga munanenera. Ndinaphika, ndinachapa, ndinamwetulira alendo. Mwana wanga ndamuona kamodzi kokha chichokereni, ndipo tsiku loyamba anabisala kumbuyo kwa agogo ake, kundiopa.

Prisca anasintha nambala sabata imene galimoto inalandidwa.

Ku ofesi ya chipatala anandipatsa fomu yolembapo a m'banja amene ndikufuna akhale pa viza yanga. Kuti mayi atenge mwana, pamafunika kalata ya bambo yovomereza. A Ellard anailemba okha ndi dzanja lawo, n'kukaima pamzere m'mawa wonse kuti aidinde, ndipo anabwera akuimba nyimbo. Pa fomupo ndinalemba dzina la Rejoice. Mzere wa mwamuna ndinausiya wopanda kanthu. Mayi wa mu ofesiyo, wa ku Sudan, anandifunsa ngati ndaiwala. Ndinati khalas, kutanthauza kuti zatha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake kanthawi, kenako anadinda.

A Ellard sakudziwa. Tsiku lililonse amafunsa ngati pepala lawo latuluka, ndipo ndimawauza kuti maofesi a boma amachedwa. Akulongedza katundu. Ndinawauza kuti zawo aziike m'makatoni apadera kuti tisadzavutike pomasula, ndipo katoni iliyonse ailemba dzina lawo ndi zilembo zazikulu.

Musaganize kuti sindinadzifunse ngati munthuyu wasinthadi. Lolemba lapitali ndinawapeza pakhonde akutsuka kanjinga ka ana kamene anagula kwa banja lina limene likubwerera ku India. Anali atachotsa tcheni n'kumalipukuta ndi mswachi wakale, akuyankhula okha za mmene adzamuphunzitsire Rejoice kupalasa. Mtima wanga unagwedezeka, sindinama. Ndinalowa kubafa n'kukhala pansi. Koma ndinaona kuti munthu wopanda ntchito, wopanda galimoto, wotsala ndi masiku ochepa m'dziko la eni, akhoza kukonda aliyense amene wagwira cholembera. Mwina asinthadi. Kuti ndidziwe zoona ndiyenera kuwalemba pa fomu n'kudikira tsiku limene nyumba zazitali zidzayambenso kukwera, iwo n'kupezanso galimoto ndi mawu awo akale. Tsiku limenelo lidzandipeza ndili m'chipululu, kopanda mbale, kopanda wondimva ndikakuwa. Zimenezo sindichita.

Ndiye ndaganiza zopita, ndipo zikhala motere. Lole ya katundu inyamuka pa 25, ine ndili momwemo. Iwo atsala kuti abweze makiyi kwa mwini nyumba ndi kudikira pepala lawo. Pa 29 ndibwerera kuno kudzalandira Rejoice pabwalo la ndege, ndikamusiya kwa Selinah, kenako ndikwera kuno kudzawauza pamaso. Sindiwauza pafoni, sindine wamantha. Tikiti ya ndege yobwerera kumudzi imene kampani inawapatsa, imene anaiponya m'kabati poganiza kuti sadzaifuna, ndi ya pa 1 Meyi. Ndinaimba kale foni kutsimikiza mpando.

Ndinalingaliranso ngati ndiwalole amuone mwana asananyamuke. Rejoice adzakhala misewu iwiri yokha kuchokera pano. Sadzamuona, ndipo sindidzawauza kumene ali. Akadzalira, ndidzadikira amalize. Iwo ine sanandidikire.

Pempho langa ndi limodzi. Pasanafike pa 27, mupite ndi Selinah ku Nathenje mukatenge Rejoice. Selinah wanyamula pasipoti ya mwana, chilolezo cholowera kuno, ndi kalata ija a Ellard anasayina. Apongozi anga sakavuta. Mwana wawo anawauza kale pafoni kuti tonse atatu tikukakhala m'nyumba ya mpanda, ndipo akumusokera mwanayo diresi ya paulendo. Sindikukupemphani kuti mukaname. Mukapereke moni, mukamwe madzi, mukatenge mwana, mukatsanzike. Kukhala chete mumatha, ndinakuonani. Zokakumana ndi ankhoswe a kuchimuna mudzachite pambuyo pake, mwana ali m'manja mwanga.

Ndikudziwa kuti mukawerenga izi dzanja lanu lithamangira ku foni. Mukangowatsina khutu alamu anu, Rejoice sadzatuluka ku Nathenje. Ine ndidzapitabe ku Madinat Zayed, ndekha, ndipo mudzawafotokozere nokha amayi chifukwa chimene mwana wawo wamkazi sakulembanso makalata. Musandiimbire kuti mundilangize. Malangizo anu ndinawatsatira zaka ziwiri ndipo andikwana.

Amayi mundiperekere moni, koma musawauze kanthu mpaka mwezi uthe, mtima wawo ndi wofooka. Nsalu ya buluu imene Selinah wanyamula ndi yawo, ndi mafuta opaka pamwendo. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa azakhali a ku Madisi ndi amalume.

Apongozi anga musawapatse moni wanga. Kuyambira tsiku la ukwati akhala akudandaula kuti ndinawalanda mwana wawo. Pa 2 Meyi masana mukawauze kuti atumize munthu ku Lumbadzi akamulandire. Muwauzenso kuti adokotala anawaletsa mchere, ndipo mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amaiwala kumwa ngati palibe wowakumbutsa. A mwezi umodzi ndawaika m'thumba lam'mbali la chikwama chakuda. Akatha amenewo, aone okha.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Emelia