Adona a Pawindo

Bambo, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi asankha ndi Amayi. Iwo akuti ndi chimene munaoneka bwino, koma tonse tikudziwa kuti achikonda chifukwa ndi chokhacho chojambulidwa m'nyumba mwathu chimene Adona sakuonekamo. Pa zina zonse alipo, atatukumula mimba yawo pawindo, kuseri kwa phewa lanu.

Amene sanalowepo m'nyumba mwathu asadabwe, Adona si munthu. Ndi chomera chimene munatola padzala kuseri kwa fakitale yosoka zovala kumene munkakonza makina. Chili ndi mimba yozungulira ngati anyezi wamkulu, yokhala pamwamba pa dothi, ndi masamba aatali onenepa, odzaza madzi. Munachibzala m'chitini cha penti n'kuchiika pawindo la pabalaza. Dzina lake lenileni palibe akulidziwa mpaka lero. La Adonali anachipatsa ndi Amayi, ndipo sanachipatse mwachikondi.

Tikukumbukira m'mawa uliwonse, musanapereke moni kwa munthu, mukupita pawindo paja n'kudina mimba ija ndi chala chachikulu monga achitira anamwino ndi mwendo wotupa. Loweruka munkapukuta masamba limodzilimodzi ndi kansalu, uku mukuimba likhweru. Amayi ankati pa zaka makumi atatu za ukwati simunawapukutepo thukuta ndi kamodzi komwe. Inu munkangoseka kaseko kanu kopanda mawu kaja, mapewa okha akugwedezeka, n'kunena kuti ubwino wa Adona ndi woti sabweza mawu. Pamenepo m'nyumba munkayaka moto, ife n'kumafa ndi phwete kuseri kwa chitseko. Amayi akakukumbutsani kuti mapanga awiri avumbwitsa, munkati mvula yakeyo mudzaiona ikadzagwa. Nanenso mwana wanu woyamba, amene ndikulemba m'malo mwa onse, ndisabise. Tsiku limene ndinabwera ndi kalata yonditenga ntchito munandimvetsera mukuthothola tsamba louma, ndipo zinandiwawa sabata yathunthu.

Mutapita, Amayi anawanyanyala Adona. Popukuta windo ankazungulira chitini chija ngati pagona galu wolusa. Adonawo madzi ankawaona pokhapokha mng'ono wanga akabwera kudzacheza, mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Koma m'malo mofota, Adona ananenepa, masamba ali biriwiri, mimba ili nyezinyezi. Izi ndi zimene zinawapweteka Amayi koposa. Iwo madiresi onse anali atawakulira, mphete ikuvuka yokha pachala, pamene mnzawoyo ankasalala ngati m'nyumba simunagwe maliro. Kwa zaka zitatu anawayang'ana ndi diso la nkhwezule, n'kumatiuza kuti tsopano taona tokha amene ankakukondani zoona.

Zinthu zinatembenuka kuchiyambi kwa chaka chino, azakhali, alongo anu aja, atabwera kudzationa. Mukuwadziwa kuti sasunga mawu m'kamwa. Anangoyang'ana chitini chadzimbiri chija n'kupukusa mutu, amvekere achimwene akanakhala moyo sakanalola kuti chinthu chawo chizisungidwa ngati cha mwini. Azakhali atangokwera basi, Amayi anatulutsa mphika wa maluwa wonyezimira uja anawapatsa alamu athu, n'kukakumba dothi lakuda lonona kuseri kwa nyumba. Anati aonetsa mtundu wonse wa kwanu kuti iwo angathe kusamala Adona kuposa mwini wake. Anawazula m'chitini, n'kuwakwirira mimba yonse, ati munthu wamkulu sakhala mimba pamtunda alendo akuona. Kenako anayamba kuwathirira m'mawa uliwonse, kapu yodzaza. Kuti mphikawo unalibe chiboo pansi, palibe analabadira. Safunsa anadya phula, Bambo, ndipo tonse tinadya nawo, chifukwa tinkawayamikira kuti windo lakongola.

Patatha milungu isanu ndi umodzi masamba anayamba chikasu n'kugona pansi. Amayi anaganiza kuti ndi ludzu, anawonjezera madzi. Kenako pabalaza panayamba kumveka kafungo. Tsiku lina anafukula dothi n'kudina mimba ija monga munkachitira, chala n'kulowa ngati m'nthochi yakupsa kwambiri. Anandiimbira foni ndili kuntchito, ndipo mawu anali awiri okha: “Bwera, ndawapha.”

Ndinawapeza atakhala pampando wanu, manja ali dothi lokhalokha. Ndinayesa kuwaseketsa kuti nkhondo ya zaka zambiri apambana, koma sanaseke. Anati zovala zanu tinagawana, zida zanu zili m'bokosi, koma zamoyo zimene munasiya m'nyumba muja, zimene manja anu ankazigwira tsiku ndi tsiku, zinali ziwiri zokha, iwo ndi Adona. Chimodzi chikafa ndi dzanja la chinzake, adzakuuzani chiyani? Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti nkhaniyi si yoseka.

Tinagwira njakata. Achimwene anga ankati tingotaya, mng'ono wanga ankati tiike padzuwa. Ine ndinapita kufakitale kuja kukafunsa ngati alipo amene munkakamba naye za chomerachi, ndipo onse anandilozera kwa mayi wodula nsalu. Mukuwadziwa, Bambo, ndi aja Amayi anawatcha Asizasi chifukwa dzina lawo linkatuluka pafupipafupi pakamwa panu mukaweruka. Nditawauza Amayi kuti ndapeza wotithandiza ndipo ndi ameneyo, anangopita kukasita diresi lawo lobiriwira lija.

Asizasi anafika Loweruka m'mawa. Ndi munthu wofatsa, wamagalasi, ndipo sanalakwe kanthu, tiwachitire umboni. Anazula Adona mumphika, madzi onunkha ali chuchuchu, n'kunena kuti inu munkakonda kuwauza pa nthawi yopuma masana kuti chomerachi sichifa ndi ludzu, chimafa ndi chisamaliro, pakuti madzi ake chimasunga chokha m'mimba. Anaonjeza kuti kwawo ali nazo zitatu zochokera ku tiana timene munkathothola m'mbali mwa Adona. Mlonda wa pageti ali nacho, dalaivala ali nacho, ngakhale amene amasesa mu ofesi.

Mukanaiona nkhope ya Amayi. Zaka zonsezi mawu amenewo anali asanawamvepo, ndipo lero amawamva m'nyumba mwawo momwe kuchokera pakamwa pa mzimayi wina, wonena ndi kamvekedwe kanu komwe. Ananditsina pantchafu n'kundinong'oneza kuti kani Adona ali ndi ana m'makomo a anthu tauni yonse, mwini nyumba osadziwa. Asizasi, poona kuti zowola zalowa kwambiri, anati mwina sizitheka, ndipo anadzipereka kubweretsa chimodzi mwa zawo. Amayi anathokoza mwaulemu woopsa uja mumaudziwa, n'kunena kuti ana a mwini akhale kwa mwini. Ndiye mlendoyo anatulutsa lezala latsopano m'chikwama, n'kulipukuta ndi sipiriti. Asanagwire mimba ija, Amayi anatambasula dzanja.

“Mundiuze podula, koma wodula ndine. Mwamunayo anali wanga.”

Anadula, Bambo. Asizasi ankaloza ndi pensulo, Amayi n'kumasenga zofewa zakuda zija pang'onopang'ono mpaka anafika pa mnofu woyera wolimba. Mbali yonse imodzi inapita, pamodzi ndi mizu yambiri ndi masamba onse. Pabalapo anawaza makala osinja. Chimene chinatsala chinali chinthu chomvetsa chisoni, chosongoka mbali imodzi, moti achimwene atachiona anangotuluka panja. Malangizo anali oti chikhale panyuzipepala pamthunzi masiku khumi, chopanda dothi, kuti bala liume. Kenako chibwerere m'chitini chanu, mumchenga wosakaniza ndi timiyala, mimba ili pamtunda, ndipo chisaone dontho la madzi milungu itatu. Chitinicho tinachipeza kuseri kwa nyumba. Titachitembenuza tinaona ziboo zisanu ndi ziwiri zimene munaboola ndi msomali, zili pamzere bwinobwino monga munkachitira chilichonse.

Kudula kuja kunali kosavuta poyerekeza ndi kudikira. Mukuwadziwa Amayi kuti munthu akadwala sakhala pansi, amafuna kumumwetsa, kumufunditsa, kumudzutsa kuti amufunse ngati wagona bwino. Tsopano anauzidwa kuti mankhwala ake ndi kusachita kanthu. Kangapo konse ndinawapeza ataima pawindo ndi kapu m'manja, ndipo akandiona ankamwa okha madziwo ngati ndi chimene anabwerera. Ndikawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ankati nkhono si mkazi mnzawo. Lachisanu lililonse Asizasi ankaimba foni kufunsa za wodwala. Amayi ankayankha mwachidule kuti ali bwino, ndipo akadula foni ankandipanikiza ine ndi mafunso. Kodi pa nthawi yopumayo munkakhala anthu angati? Benchi lake linali lalitali bwanji? Ngati kuti ndinaliko.

Tsiku lina tikupinda zovala anandiuza zoona zake. Anati sakukhulupirira kuti panali china pakati pa inu ndi mayi uja, amakudziwani bwino. Chimene chikuwadya n'chakuti panali zinthu zimene munkazidziwa ndi kuzikonda, ndipo munakazifotokozera anthu ena pabenchi la kuntchito, chifukwa kunyumba amene akanamva anali kalikiliki kukunyozani. Anati akuchitira nsanje aliyense amene anakhala nanu masana amenewo, ngakhale mlonda yemwe. Nanenso sindinakufunsenipo kanthu za chomeracho.

Milungu itatu itakwana anathira madzi pang'ono m'mbali mwa chitini, osakhudza mimba. Panalibe chinachitika. Sabata ina inadutsa, kenako ina. Mimba inachita makwinya, ndipo Amayi anasiya kudya bwino. Ife tinayamba kupangana mobisa kuti tikatenge kamwana kwa Asizasi tidzasinthanitse iwo ali kumsika, koma palibe analimba mtima.

Mwezi wathawu, Lachiwiri m'mawa, ndinadutsirako popita kuntchito. Ndili kukhitchini ndinamva mpando ukugwa pabalaza. Pamwamba pa mimba yamakwinya ija panali patatuluka kansonga kobiriwira, kakang'ono ngati nsonga ya singano ya makina. Amayi sanaitane ine. Anatembenukira kuchitseko cha kuchipinda n'kuitana mokweza kuti, “Abambo ake, tabwerani mudzaone.” Anaima choncho akuyang'ana chitsekocho, nkhope ili ngwee, mpaka anakumbukira. Ndinafuna kuwagwira koma anandikankha pang'ono, n'kuweramira pachitini paja.

“Inu munawola, tinakudulani, mwabwerako,” anatero. “Mwamuna wanga anangodwala sabata imodzi.”

Lero Adona ali ndi masamba atatu, ndipo bala lauma lasanduka chipsera. Amayi amawathirira kamodzi pa milungu itatu, mchenga ukauma mpaka pansi, ndipo salola munthu wina kugwira chitinicho. Koma sanawakhululukire. Anawakhululukira za Loweruka zonse zija ndi za ana a m'makomo a anthu, koma izi zoti iwo anatha kubwerera pamene inu simunathe, ayi. Kunena zoona, Bambo, nafenso tikalowa pabalaza n'kuona masamba atatuwo mitima imatiwawa chimodzimodzi.

Akukulirani mpaka lero ndi akazi anu, ine mwana wanu woyamba, achimwene ndi alamu, mng'ono wanga, azakhali, adzukulu anu anayi, ndi anzanu a kufakitale, amene Amayi avomera kuti tiwalembe pomalizira.

Usani mumtendere, Bambo. Ife kukuiwalani sitidzatha.